Amene Anawerenga Sewero la ku Dukathole

Malikisi ochepa sanamudabwitse. Munthu amene masana amaika matailosi m'nyumba za eni ake ku Germiston ndi ku Boksburg, n'kumalemba sewero la kanema usiku pa foni yong'aluka galasi, sayembekezera kuti womuwerengera woyamba amuombere m'manja. Chimene chinamusowetsa mtendere chinali chiganizo chimodzi cha pa tsamba lachiwiri la ndemanga, chonena kuti mwini nkhani m'sewerolo sachita kanthu, amangodikira kuti zinthu zimuchitikire. Ndemangayo inabwera pa imelo, m'Chingerezi chosalala ndi chaulemu, kuchokera kwa munthu wosatchulidwa dzina amene kampani ina ya pa intaneti imamulipira kuti aziwerenga masewero a anthu ongoyamba kumene. Mnyamata wa ku Ntcheu uyu anaiwerenga ali pamzere wa madzi ku Dukathole, anaiwerenganso m'takisi, ndipo kwa milungu ingapo chiganizocho chinkamubwerera ali chogwada pansi, simenti ili m'manja. M'makutu mwake zinamveka kuti moyo umene iye ndi anzake akukhala si nkhani yoti n'kuonetsa anthu.

Sewerolo ndi la maliro. Mmalawi wina wamwalira mwadzidzidzi m'chisakasa cha malata, ndipo mnzake amene anakwera naye basi imodzi kudutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge ndiye wasenza udindo wotumiza mtembo kumudzi. Aliyense amene anakhalako ku Joni amazidziwa izi: kope la mizere lolembamo mayina, uyu waponya R50, uyo R100, wina walonjeza kuti apereka akalandira Lachisanu. Mtembo uli kumochale, tsiku lililonse bilu ikukwera. Akumudzi akuimba foni kufunsa kuti adzukulu akumbe liti manda. Mnzake wa malemuyo amadikira ndalama, amadikira makalata ovomereza kuti mtembo udutse malire a mayiko atatu, amadikira amalume a womwalirayo kuti anene mawu omaliza. Kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, kudikira kokhakokha. Pamenepa wowerenga uja sananame.

Ntchito yowerengera anthu masewero inayambira m'makampani a mafilimu ku Hollywood, kumene mabwana analibe nthawi yowerenga milu ya zolemba zomwe zinkabwera. Ankalemba ntchito owerenga oti afupikitse nkhani, anene ubwino ndi zofooka zake, kenako agamule ndi liwu limodzi mwa atatu: pass, consider kapena recommend, kutanthauza kuti litayeni, liganizireni, kapena ligwireni msanga. Chigamulocho chinali cha bwana, mlembi sankachiona. Pambuyo pake anthu anazindikira kuti alembi okha akhoza kulipira kuti amve zimenezi, ndipo bizinesi inabadwa. Franklin Leonard anayambitsa The Black List mu 2005 ngati mndandanda wa masewero osajambulidwa amene akuluakulu a mafilimu anawakonda, ndipo mu 2012 anatsegula khomo loti aliyense atumize lake pa intaneti n'kupatsidwa ndemanga ndi malikisi a pa 10. M'zaka zapitazi ndemanga imodzi ya filimu yaitali yakhala pa madola 100, kuwonjezera madola 30 pamwezi osungira sewerolo. Mu 2025 madola 100 anali pafupifupi R1,800. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka ku South Africa kuyambira Malichi 2025 anali R28.79 pa ola, ndiye kuti ndemanga imodzi imadya maola oposa 60 a thukuta, ndipo wa maganyu wopanda mapepala nthawi zambiri safika n'komwe pa malipiro amenewo. Mnyamata wathuyu sanapite kumeneko. Anapeza kampani ina yotsika mtengo, komabe mwezi umenewo ndalama ya pa Mukuru inafika kwa mayi ake itaperewera.

Pamwamba pa makampaniwa pali mipikisano. Wotchuka kwambiri ndi Nicholl, wa bungwe lomwe limapereka mphoto za Oscar, umene unayamba mu 1986 ndipo wakhala ukupatsa opambana owerengeka madola 35,000 aliyense pakati pa masauzande a olowa. Ina yambiri imangodalira ndalama zolowera za anthu oyembekezera mwayi. Coverfly, kumene alembi ankasunga mbiri ya malikisi awo a m'mipikisano yosiyanasiyana, inatsekedwa mu 2025, ndipo amene anamangira chiyembekezo chawo pamenepo anayamba kufunafuna kwina.

Zambiri za m'ndemanga ija anazilandira popanda kuwawidwa mtima. Wowerengayo anamukumbutsa kuti tsamba limodzi lolembedwa mwa dongosolo, ndi zilembo za Courier 12, limakhala pafupifupi mphindi imodzi pa kanema, choncho munthu wolankhula tsamba lathunthu osapumira waimitsa filimu kwa mphindi yonse. Anamuuzanso kuti kamera sijambula zimene munthu akuganiza, ndiye kulemba kuti wakuti akukumbukira ubwana wake n'kupatsa wojambula ntchito yosatheka. Apa mnyamatayo anaseka yekha, chifukwa anadziwa kumene chizolowezicho chinachokera. Amalawi ambiri a msinkhu wake anaphunzira sewero ndi makutu: Sewero la Sabata Ino ndi Kapalepale pa MBC, Tikuferanji ya Manganya, nthabwala za Izeki ndi Jakobo. Pa wailesi zonse zimayenda pakamwa, ngakhale munthu akalowa m'nyumba wina ayenera kunena kuti walowa. Anthu a m'sewero lake ankafotokozerana zinthu zimene onse awiri akuziona ndi maso. Pamenepo ndalama yake inagwira ntchito, ndipo palibe mnzake wa ku Dukathole amene akanamuuza zimenezi.

Koma za kudikira zija zinamukanirira pakhosi. Owerenga ambiri a mtundu umenewu anaphunzira m'mabuku ofanana, monga la Syd Field la mu 1979 ndi la Blake Snyder la mu 2005, amene amaphunzitsa kuti nkhani igawidwe patatu, mwini nkhani akhale ndi chimene akufuna, achithamangire, ndipo pofika tsamba lakutilakuti akhale atatembenuza zinthu ndi manja ake. Ndi patani yosokera suti, ndipo wina akabweretsa chitenje mmisiri amangoona kuti chilibe manja ndi kolala. Mnyamatayo ankayang'ana azibambo amene amaima m'mawa pafupi ndi masitolo a zipangizo zomangira, atanyamula katoni yolembedwa ntchito imene amadziwa, wina penti, wina mapaipi, wina matailosi ngati iye. Munthu wotero wadzuka mdima usanachoke, wasankha ngodya yoima, wasankha chida choti chionekere m'chikwama, ndipo galimoto ikaima amawerenga nkhope ya mwini wake m'kanthawi kochepa kuti adziwe ngati ndi wolipira kapena wothawa ndi ndalama. Galimoto ya apolisi ikadutsa, amene masiku 30 a pa pasipoti yake anatha kalekale amadziwa kuti kuthamanga ndiko kudziulula, ndiye amaima chilili, mtima uli phaphapha. Kodi ameneyo sakuchita kanthu? Ku Dukathole kudikira kuli ndi luso lake, ndipo ena amakulephera.

Kwa kanthawi anakhazikika pa mkwiyo umenewu, womwe ndi wokoma chifukwa sulamula munthu kulembanso chilichonse. Ankadziuza kuti mzungu wa kutali sangamve za moyo wa m'zisakasa. Kenako anayamba kukayika. Wowerengayo sanamuone nkhope, mwina anali wophunzira wa ku Cape Town kapena ku Lagos wofunanso ya lendi. Ndipo panali filimu ina imene inamulanda chodzikanira. Lemohang Jeremiah Mosese wa ku Lesotho anapanga This Is Not a Burial, It's a Resurrection, imene inaonetsedwa ku Venice mu 2019 n'kulandira mphoto yapadera ku Sundance mu 2020. Mwini nkhani ndi mayi wamasiye wa zaka 80, amene Mary Twala Mhlongo anamusewera atatsala pang'ono kumwalira. Mwana wake wafera ku migodi ya ku South Africa, iye wavala zakuda, akungodikira imfa yake. Filimuyo imayenda pang'onopang'ono kuposa sewero la ku Dukathole, ndipo mayiyo amakhala chete nthawi yaitali. Komabe palibe woonera amene amafunsa kuti gogoyu akufuna chiyani. Akufuna kuikidwa pafupi ndi abale ake, pamene boma likufuna kusamutsa mudziwo kuti madzi a damu amize manda. Kudikira kwake kuli ndi mdani, kulinso ndi tsiku lomaliza. Mnyamatayo atabwerera ku sewero lake anafunsa funso limene wowerenga uja sanalifunse molunjika: kodi mnzake wa malemuyu akufuniranji kwambiri kuti mtembo upite kumudzi? Chifukwa ndi mwambo, inde, koma mwambo ndi wa onse olembedwa m'kope muja. Chake cha iye yekha n'chiyani? Yankho linalibemo m'masamba aja. Mwina wowerengayo anagunda pamalo podwala, n'kutchula matenda ena.

Panali chinanso chimene palibe ndemanga ikanachiona, popeza chinatayika sewerolo lisanatumizidwe. Analilemba m'Chingerezi, chifukwa makampani ndi mipikisano imeneyi imawerenga Chingerezi. Koma anthu ake m'mutu mwake amalankhula Chichewa akakhala okhaokha, Chizulu chothyokathyoka kwa mwini malo amene amawachititsa lendi, ndi Chingerezi cha mawu ochepa kwa bwana. Munthu mmodzimodziyo amakhala wanthabwala m'chilankhulo china, wamantha m'china, ndipo mmene amatchulira mawu a Chizulu m'takisi zikhoza kumuulula kuti ndi wobwera. Pa pepala onse anasanduka olankhula Chingerezi chimodzi cha kusukulu. Pali chigawo chimene mwini nkhani akuimbira foni amalume a malemu, n'kuyamba ndi moni, kufunsa za mvula, za chimanga, za miyendo ya agogo, asanafike pa mawu oti kuno zinthu sizili bwino. Wowerenga analemba kuti masamba amenewo adulidwe, munthuyo angonena kuti mphwanu wamwalira. Mmalawi aliyense womva foni yotero amayamba kunjenjemera pa funso la mvula lomwelo, chifukwa amadziwa kuti mwana wa ku Joni sawononga mayunitsi kufunsa za chimanga popanda chifukwa. Mantha onse a chigawocho ali m'kuzungulirako. Chiwetel Ejiofor polemba ndi kujambula The Boy Who Harnessed the Wind, nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu imene inatuluka pa Netflix mu 2019, anasiya mbali yaikulu ya zokambirana m'Chichewa, ngakhale kuti katchulidwe ka osewera ena kanaseketsa Amalawi. Ku South Africa komweko Muvhango ya Duma Ndlovu, yomwe inayamba mu 1997, inaonetsa kuti Chivenda chikhoza kukopa oonera a zilankhulo zina. Koma awa anali ndi mayina kale. Wongoyamba kumene amafika pakhomo atavula chilankhulo chake.

Chimene chinamuopsa kwambiri anachizindikira mochedwa. Polemba zigawo zatsopano, dzanja linayamba kudula moni lisanamulembe. Wowerenga wosadziwika uja anali atasamukira m'mutu mwake, osalipira lendi, ndipo ankagamula chiganizo chilichonse chisanafike pa foni.

Nanga makomo ali kuti? Kuchokera ku Dukathole, likulu la mafilimu a ku South Africa lili pafupi modabwitsa. SABC ili ku Auckland Park, MultiChoice ili ku Randburg, ndipo National Film and Video Foundation, bungwe la boma lokhazikitsidwa ndi lamulo la mu 1997, lili ku Houghton, ulendo wa matakisi awiri. Bungweli limapereka ndalama zoti mlembi akonzere sewero lake mothandizidwa ndi mkonzi, ndipo kwa zaka zambiri laphunzitsa alembi kudzera m'ndondomeko ya Sediba. Ndalamazo ndi za misonkho ya dzikolo ndipo zinakonzedwera eni dziko, zomwe n'zomveka, koma kwa munthu amene pasipoti yake ili ndi chidindo chakale nkhani imathera pa fomu. Writers' Guild of South Africa ili ndi mphoto zake za Muse. MultiChoice Talent Factory, imene inayamba mu 2018, ili ndi sukulu ku Lusaka, Nairobi ndi Lagos, ndipo ya ku Lusaka yakhala ikulandira Amalawi. Khomo limenelo ndi lenileni, kungoti limafuna munthu amene angasiye kutumiza ndalama kumudzi kwa miyezi yambiri. Durban FilmMart, kuyambira mu 2010, imakumanitsa eni nkhani ndi eni ndalama, koma kumeneko munthu amapita ali kale ndi womuyendetsera za filimuyo.

Khomo limene limamukopa kwambiri ndi la Realness, limene Elias Ribeiro ndi Cait Pansegrouw analiyambitsa mu 2015 kuti alembi a mu Africa yense, posayang'ana dziko, azikhala pamodzi milungu ingapo ndi akatswiri okonza nkhani. Mosese uja anadutsa kumeneko ndi filimu ya gogo ija. Amasankha owerengeka ndi zala pachaka, ndipo ambiri amakhala atapangapo kale kafilimu kakafupi. Alembiwa akhala akugonekedwa ku Nirox, malo a udzu wobiriwira ndi ziboliboli kufupi ndi Krugersdorp. Mnyamatayo ataona dzina la tawuniyo anapukusa mutu, chifukwa kwa Mmalawi wa ku Joni Krugersdorp ndi kwa Lindela, kumene amasunga ogwidwa opanda mapepala podikira kuwabweza kwawo. Anzake angapo anafikako ku Krugersdorp, koma osati kukalemba.

Kumudzi njira yakhala ina. Shemu Joyah, amene ntchito yake yeniyeni ndi yoyeza malo, analemba yekha n'kujambula yekha Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ya mu 2012 ndi The Road to Sunrise, imene inapambana mphoto ya AMVCA mu 2018. Joyce Mhango Chavula anapambana mphoto yomweyo mu 2016 ndi Lilongwe. Gift Sukez Sukali anatulutsa Fatsani. Ku Malawi wogula sewero lili pa pepala ndi wosowa, choncho wolemba amakhalanso wojambulitsa ndi wofunafuna ndalama. Izi zimapereka ufulu, chifukwa palibe wodula moni wako, komanso zimachotsa munthu wokuuza kuti chigawo chakutichi chatalika usanawonongerepo mafuta a galimoto ndi chakudya cha osewera. Mafilimu ena a kwathu amene amathera pa YouTube amaonetsa kuti wowerenga wankhanza pang'ono akanawathandiza. Ndipo nkhani ya obwera ku Joni ena anaiyamba kale: Akin Omotoso, wobadwira ku Nigeria, anapanga Man on Ground mu 2011 atakhudzidwa ndi zipolowe za Meyi 2008, zimene zinapha anthu 62, kuphatikizapo Ernesto Nhamuave wa ku Mozambique amene anatenthedwa ku Ramaphosa, kufupi ndi Boksburg, mtunda wochepa kuchokera ku Dukathole. Sewero la mnyamatayu lilibe moto kapena chikwanje. Iye amakhulupirira kuti obwera ali ndi nkhani zinanso kupatula tsiku limene akuthamangitsidwa, ngakhale amadziwa kuti nkhani ya moto ndi imene imagulika msanga kunja.

Anzake anali atawapatsako kale sewerolo pa WhatsApp, ndipo yankho linali limodzi: zili bwino achimwene, mudzatikumbukire mukadzatchuka. Ambiri sanapitirire tsamba lachitatu, ndipo sangawadzudzule, Chingerezi cha pa foni munthu ataweruka ku ganyu n'chotopetsa. Lamlungu lina atabwera kutchalitchi anayesa njira ina. Anakhazika anthu pa mabokosi ndi zidebe kuseri kwa chisakasa chake, nagawa maudindo, iye n'kumamasulira mzere uliwonse m'Chichewa kuti wosewerayo aunene m'mawu ake. Zinatenga masana onse. Pa foni ya kwa amalume ija panalibe wotsokomola, ndipo bambo wina wa ku Dedza anadzuka n'kukaima kaye poteropo. Chigawocho chinapulumuka tsiku limenelo. Koma pakati pa nkhani anthu anayamba kuyang'ana mafoni awo, ana anayamba kulira, wina anapita kukagula fodya osabwerako msanga, ndipo malo ake anali omwe aja amene wowerenga wa pa intaneti anadandaula nawo.

Amene anaphwanya nkhaniyo ndi mayi wina wogulitsa mandasi, amene wakhala ku Germiston zaka zambiri ndipo wasonkhetsapo ndalama za maliro kangapo. Anati: "Achimwene, nkhani yanuyi ndi ya angelo. Kope la maliro linayamba lakwanapo liti popanda wina kudyapo? Nanga mnzake wa malemuyu alibe ngongole kwa womwalirayo? Munthu sathamanga chonchi ndi maliro a mnzake ngati mumtima mulibe kanthu." Anthu anaseka, kenako anayamba kukangana, aliyense ndi maliro amene akuwakumbukira. Wina anatchula za msungichuma amene anazimitsa foni ndalama zitakwana theka. Wina ananena za mkazi wachiwiri wa kuno amene akumudzi sankamudziwa, yemwe anakana kuti mtembo uchoke. Bambo wa ku Dedza uja anati iye akadzafa asadzavutitse anthu, adzangomuika konkuno, ndipo mkazi wake anamuyankha kuti ayerekeze kunena zimenezo pamaso pa amayi ake.

Tsopano akulembanso theka lachiwiri. Mwini nkhani akudikirabe, koma ndi amene akusunga kope, ndipo anabwerekapo ndalama za m'kopemo kuti alipire lendi, poganiza kuti abweza Lachisanu, ganyu n'kusapezeka. Analinso ndi ngongole yakale kwa malemuyo, ya basi imene inawabweretsa onse awiri. Akulemba m'Chichewa kaye, Chingerezi chidzabwera pambuyo akadzafuna kutumiza ku Realness, ndipo wayamba kufunsa za wina wa kamera kuti ajambule foni ya kwa amalume ija ngati kafilimu ka mphindi 10, popeza makomo ambiri amafunsa zimene munthu anapangapo kale. Vuto latsopano ndi lakuti msungichuma wa m'sewerolo wayamba kufanana ndi bambo wina weniweni wa mumzere wawo wa zisakasa, amene anali pa bokosi lakutsogolo Lamlungu lija ndipo wafunsa kale kuti kuwerenga kwina kudzakhala liti.